Chipika cha Namakutu

1. Choko chofiira

Pa bwalo la matabwa la Malume panali lamulo limodzi limene ngakhale mphaka wa pamenepo ankalidziwa. Chipika chikatsitsidwa m'lole, palibe ankaloledwa kuchigunda ndi nkhwangwa choko chofiira chisanalankhule. Malume akalemba mzere wowongoka, chipikacho chinali cha matabwa. Akalemba mtanda, chinali cha nkhuni. Mlandu unkathera pomwepo.

Chokocho chinkagona m'thumba la malaya a Malume. Koma chaka chimenecho maso awo anayamba kuchita ng'ala. Poyeza chipika, tepi ankaiyandikitsa kumaso ngati akufuna kuinunkhiza. Anthu sankanena mokweza, koma onse ankadziwa kuti choko chatsala pang'ono kusamuka thumba.

Liwiro sankakayika n'komwe kuti chisamukira kuti. Iye anali mwana wa mlongo wawo wa Malume, ndipo anali atagwira ntchito pabwalopo zaka zitatu, masana aliwonse akaweruka kusukulu. Dzina loti Liwiro analipeza chifukwa cha nkhwangwa. Anzake akamamanga mtolo woyamba wa nkhuni, iye amakhala ali pa wachitatu. Tsopano sukulu anali atamaliza, ndipo, tinene zoona, anali atagula kale malaya a thumba pachifuwa.

Kenako kunabwera Namakutu.

Namakutu anali mwana wa mayi ake aang'ono a Liwiro, mtsikana wochepa thupi, wosalankhulalankhula. Mayi ake ankagulitsa nkhuni pamsika wina wakutali, ndipo anamutumiza kwa Malume kuti akayese mwayi. Anapangana kuti akapanda kupezako malo, abwerere azikathandiza kumanga mitolo. Nkhwangwa inkamulemera mtsikanayu. Koma sabata yachiwiri yokha anagogoda chipika china ndi nyundo, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ichi chili ndi mphako, malume." Atachidula anapeza mkati muli dzenje loti mkono n'kulowa wonse. Dzina lake linabadwa tsiku lomwelo.

Kuyambira pamenepo Malume akamazungulira zipika ankati, "Namakutu, tabwera undimverere ichi." Liwiro ankamuitana pakapezeka chinthu cholemera chofuna kunyamula.

Pabwalopo panalinso bambo wina wokankha ngolo ya nkhuni, amene aliyense ankangomutcha Wangolo. Anali munthu wapakamwa, wosadziwa kusunga mawu m'mimba.

"Liwiro, paja mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa," anatero Wangolo tsiku lina. "Nanga thumba la malaya akowa udzaikamo chiyani? Maswiti?"

Liwiro anaseka nawo, koma kunali kuseka kwa mano okha. Nsanje inali italowa kale mumtima mwake, ndipo sinali ndi maganizo otulukamo.

2. Mitengo ya mkuntho

Mvula ili pafupi kuleka, kunaomba mkuntho umene unagwetsa mitengo ikuluikulu ya mbawa m'mbali mwa msewu wakale. Eni malowo anaitana Malume kuti adzaichotse. Patatha masiku atatu lole inatsitsa pabwalo zipika khumi ndi zinayi, zofiira kumapeto, zonunkhira uwisi.

Liwiro analavulira m'manja n'kutola nkhwangwa. Ankafuna kuti Malume akumbukire kuti pabwalopo pali mwamuna.

"Malume, mukangondilola, pofika Loweruka zonsezi zikhala zili m'mitolo."

"Ika pansi nkhwangwayo," anatero Malume. "Khalani apa nonse awiri, inu ana."

Liwiro ndi Namakutu anakhala pa chipika chimodzi, wina uku wina uko. Malume anatsamira ndodo yawo n'kuyamba.

"Ine ndawaza nkhuni zaka makumi awiri ndisanatsegule maso. Mukudziwa chimene ndinkachita zaka zonsezo? Ndinkawotcha zitseko. Ndinkawotcha matebulo, mabedi, mafelemu a mawindo. Mtengo umene wakula zaka makumi asanu ndi atatu, ine ndinkaumaliza masiku atatu, anthu n'kuphikira tiyi, phulusa n'kukataya kudzala. Tsiku lina kalipentala wina wachikulire anandipeza ndikuwaza mbawa. Anatola chibanthu chimodzi, anachitembenuza, kenako anavula chipewa. Ndinamufunsa kuti, 'Bwanji bambo, kwagwanji?' Iye anati, 'Pamaliro timavula chipewa.' Ndinakwiya, koma usiku wake sindinagone.

"Musandimve molakwa. Nkhuni si tchimo. Nthambi, zokhotakhota, zofumbwa, zimenezo ndi nkhuni, anthu aphikire. Koma thunthu labwino ukaliwaza, wadya mbewu. Thabwa limodzi la mtengo ngati uwu limaposa ngolo yodzaza ya Wangolo, ndipo likasanduka tebulo adzadyerapo ndi zidzukulu za wogulayo. Vuto ndi limodzi. Nkhuni zimalipira lero, matabwa amalipira munthu wodekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anatulutsa choko m'thumba n'kuchikweza.

"Maso anga akupita. Choko ichi chikufuna mwini, ndipo bwalo lino silingasunge ophunzira awiri. Aliyense asankhe chipika chimodzi, achisamale mpaka amacheka adzabwere. Ndi masabata asanu ndi limodzi. Tsiku limenelo kudzabweranso mayi wa mipando, amene akufuna matabwa aatali a tebulo lalikulu, opanda cholumikiza pakati. Amene chipika chake chidzakondweretse mayiyo, choko n'chake. Liwiro, ndiwe wamkulu, yamba."

Liwiro sanataye nthawi. Analunjika pa chipika chachikulu kuposa zonse, chowongoka, cha khungwa losalala, n'kuchimenya ndi chikhatho ngati akusisita ng'ombe yake. Asanatsegule pakamwa, Namakutu anadutsa kumbuyo kwake ngati akukatola chingwe.

"Achimwene, chimenecho ayi," ananong'ona. "Ndinachigogoda m'mawa. Pakati n'chowola. Tengani chachitatu kuchokera kumpanda."

Liwiro anamva kutentha kumaso. Anatola nyundo, anagogoda chipika chachikulucho, anapendeketsa mutu ngati munthu amene akumva zinthu zakuya. Kunena zoona sanamve kalikonse, koma kugogoda basi. Anapukusa mutu mwaukatswiri, n'kupita pa chachitatu kuchokera kumpanda.

"Ichi, malume. Chachikulucho n'chikomekome cha mkuyu."

"Eya, wayamba kumva," anatero Malume mokondwa.

Namakutu anatenga nthawi yake. Anayang'ana mbali zonse ziwiri za chipika chilichonse, kuona ngati mtima wofiira uli waukulu ndipo choyera cha m'mphepete chili chochepa. Anakoka chingwe kuti aone kuwongoka. Anawerenga mfundo, anafufuza timabowo ta tizilombo, kenako anagogoda kuyambira kumutu mpaka kumchira. Anasankha chipika chosaoneka bwino, chamatope, chimene lole inachikhwekhwereza. Atachitsuka, ngakhale Wangolo anasiya kulankhula. Chinali chofiira bwino mpaka m'mphepete, chopanda mfundo ndi imodzi yomwe.

Madzulo akufola zida, Wangolo anayandikira Liwiro.

"Ndinaona, mphwanga. Makutu obwereka amenewo. Udzabweze bwino, eni ake angawafune."

Munthu akakuchitira chabwino umayenera kuthokoza. Liwiro sanathokoze. Chimene chinkamupweteka kwambiri n'chakuti mtsikanayo anamupatsa chipika chabwino, chabwino koposa n'kudzisungira yekha, ndipo zonsezi anazichita osatuluka thukuta.

3. Phula

M'mawa mwake Malume anasonkha moto pakona ya bwalo n'kuikapo chitini cha phula la njuchi. Pamene phula linkasungunuka, anaitana awiri aja.

"Tamverani. Mtengo ukagwa sufa tsiku lomwelo. Mkati mumakhala madzi, ndipo madziwo amathawira kumapeto, kumene macheka anadula. Kumapeto kukauma msanga pakati padakali pauwisi, chipika chimang'aluka. Mng'alu umayamba ngati tsitsi. Sabata yamawa mulowa chikhadabo, sabata inayo mulowa chala, ndipo ukamayenda sumapempha njira kwa munthu. N'chifukwa chake timatseka kumapeto ndi phula, kuti madzi azituluka pang'onopang'ono. Mupake kawiri, loyamba likauma mubwereze. Musasiye ngakhale malo oti ntchentche n'kuterapo. Mukatero muchigoneke pa mitanda, chisakhudze dothi, chifukwa pansi pali chiswe ndi chinyezi. Dzuwa lisachione. Ndipo mumve ichi. Kutsogolo aliyense amapaka bwino, poti anthu amaona. Ine munthu ndimamudziwira kumbuyo, mbali imene yayang'ana kukhoma."

Onse awiri anapaka. Liwiro anamaliza msanga monga mwa dzina lake, koma anapaka bwino ndithu. Namakutu anapaka kawiri, kenako anabwerezanso kachitatu m'mphepete. Amuna anayi anakankha zipikazo ndi migwala n'kuzilowetsa mu shedi, mbali imodzi itayang'ana pabwalo, ina itatsala pang'ono kugunda khoma la malata. Pambuyo pake anasanjikiza zipika zina m'mbali ndi pamwamba, moti kuti utulutsenso chimodzi panafunika amuna anayi omwewo ndi theka la tsiku.

Sabata isanathe, mayi wa mipando anatulukira pabwalo. Anali mayi wamtali, wovala magalasi, pensulo ili kukhutu. Anati amangodutsa, koma ogula onse amatero. Anayenda mu shedi, anayang'ana chipika cha Liwiro n'kugwedeza mutu.

"Ichi chili bwino. Kamfundo kamodzi aka, koma tikhoza kukazemba."

Atafika pa cha Namakutu anaima. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Bambo, tebulo langa ndi ili. Anasankha ndani?"

"Mwana uyo," anatero Malume, akuloza ndi ndodo.

"Ameneyu musamutaye. Mukadzatopa naye mudzandipatse ine."

Liwiro anali chapafupi, atasenza thumba la utuchi. Palibe anamufunsa kanthu. Anakalitula kuseri mwamphamvu mpaka linaphulika.

Kunyumba chakudya chinasiya kumukomera. Tsiku lachitatu m'mawa, akumanga nsapato pakhomo, mayi ake anakoka mpando n'kukhala patsogolo pake.

"Mwanawe, ndakuona. Ukangomva dzina la mlongo wako, nkhope imachita ngati waluma ndimu. Matenda amenewo ndimawadziwa chifukwa ndinadwalapo. Agogo ako aamuna anali ndi makina osokera, ndipo atakalamba anawapereka kwa mayi ako aang'ono. Ine kusoka sindinkakudziwa, ngakhale kulowetsa ulusi pa singano. Koma ndinawafuna makinawo, chifukwa choti anapatsidwa iye. Ndinalira, ndinanyanyala, ndinauza achibale onse kuti bambo ali ndi tsankho. Mng'ono wanga anachita manyazi, anawafunditsa nsalu makinawo osawagwiranso. Anachita dzimbiri ali pakona. Ife tinatha zaka zisanu osalankhulana, ndipo pamene tinkadzagwirana chanza n'kuti tili pamaliro a bambo athu. Sanationenso tikudyera mbale imodzi. Nsanje siikupatsa chimene mnzako ali nacho, imangokulanda chimene unali nacho kale. Mlongo wako anapatsidwa makutu, iwe unapatsidwa manja. Bwanji osamupempha akuphunzitse kumva, iwe umuphunzitse kugwira chitsulo?"

"Ine ndiphunzire kwa mwana wobwera dzulo?" anatero Liwiro. "Zaka zitatu, amayi. Zaka zitatu ndikusenza zipika za malume."

"Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo," anatero mayi ake.

Liwiro anaimirira. "Ndachedwa," anatero, ngakhale kuti dzuwa linali lisanafike n'komwe pa denga la oyandikana nawo.

4. Kuseri kwa shedi

Lachisanu la sabata yachiwiri, uthenga unabwera woti kwagwanso mtengo wina kuseri kwa fakitale ya njerwa. Malume anatenga ndodo ndi chipewa.

"Namakutu, tiye ukandimverere. Liwiro, tsala uyang'anire bwalo."

Anatuluka pachipata, mtsikanayo atanyamula nyundo ndi tepi. Kale tepi imeneyo inkanyamulidwa ndi Liwiro. Wangolo naye anali atapita ndi nkhuni kumsika. Pabwalo panatsala Liwiro ndi mphaka.

Zaka zitatu zimaphunzitsa munthu zinthu zambiri, zabwino ndi zoipa zomwe. Liwiro ankadziwa kuti kuseri kwa shedi kuli lata limodzi lothothoka misomali, limene ukalikoka limatseguka ngati chitseko. Ankadziwanso kuti mbali imeneyo ndi imene dzuwa la masana limamenya, moti malata amatentha osagwirika.

Anatenga chitsulo chopalira makungwa n'kuzungulira kuseri. Anakoka lata lija. Mbali yakumbuyo ya chipika cha Namakutu inali pomwepo, phula lake lili phuliphuli, lopakidwa bwino mpaka m'mphepete. Pafupi pake panali chipika chake iye mwini, chimene anachita kuuzidwa ndi mlongo wakeyo.

Anaima kanthawi. Mawu a mayi ake anawakumbukira, tisamunamizire kuti anaiwala. Koma anakumbukiranso magalasi a mayi wa mipando, ndi mawu aja oti ameneyu musamutaye.

Anayamba kupala. Phula linkagwa ngati makoko a dzira. Liwiro ndi Liwiro basi, ntchitoyo sinatenge nthawi. Anasesa nyenyeswa zonse, anakaziponya pa moto, kenako anabwezera lata lija koma osalitseka kwenikweni. Anasiya mpata wokwana chikhatho, woti mphepo yotentha izilowa bwino.

Malume atabwerako anamupeza akuwaza nthambi, thukuta lili kamukamu.

"Bwalo lili bwanji?"

"Lili bwino, malume."

"Mwana wodalirika," anatero Malume, n'kumugwira paphewa.

Masiku anayamba kuyenda, ndipo mvula itatheratu kunabwera mphepo youma, yong'amba milomo. M'mawa uliwonse Namakutu ankalowa mu shedi, n'kuyang'ana kutsogolo kwa chipika chake, n'kuchigogoda pamene dzanja linkafika. Sabata yachinayi anatuluka nkhope ili yakugwa. Anapeza Liwiro akunola nkhwangwa.

"Achimwene, chipika changa chikumveka mwachilendo. Mawu ake sakubwera onse. Mungandithandize kupempha anthu tichitulutse, ndione kumbuyo?"

Apa Liwiro anali ndi mpata. Mng'alu ukanapezeka tsiku limenelo, akanadula kachidutswa kakumapeto, n'kupakanso phula, tebulo n'kupulumuka. Iye ankadziwa zimenezi bwino lomwe.

"Ukufuna amuna anayi asiye ntchito theka la tsiku chifukwa cha makutu ako?" anatero osadzutsa mutu. "Malume amva bwanji? Adzati sukukhulupirira ntchito ya manja ako. Si unapaka katatu iwe?"

"Ndinapaka."

"Ndiye ukuopa chiyani? Ndi mantha chabe amenewo."

Namakutu anaganiza pang'ono. "Mwina mukunena zoona. Zikomo, achimwene."

Zikomo ameneyo anamulasa Liwiro kuposa chitonzo chilichonse cha Wangolo. Koma anapitiriza kunola nkhwangwa, imene inali itakuthwa kalekale.

5. Tsiku la wogula

Amacheka anafika ndi makina awo pa lole m'mawa wa Lolemba. Mayi wa mipando anafika pambuyo pawo, pensulo ili kukhutu. Liwiro anavala malaya ake a thumba pachifuwa.

Anayamba kutulutsa chipika cha Liwiro. Mayiyo anachizungulira, anayang'ana mbali zonse ziwiri, anayeza ndi tepi yake. Phula linali bwinobwino, popanda mng'alu.

"Chasungidwa bwino. Tsopano nditulutsireni tebulo langa."

Amuna anayi anazika migwala. Chipika cha Namakutu chinatuluka pang'onopang'ono, ndipo mbali yakumbuyo itangofika poyera, onse anasiya kukankha. Panalibe phula. Mtengo unali wotuwa, wouma gwa, ndipo kuchokera pakati panatuluka ming'alu itatu. Waukulu unali woti chikhatho n'kulowa. Mkulu wa amacheka anautsatira ndi chala m'mbali mwa chipika, ndipo chalacho chinakaima kupitirira theka.

"Mayo ine," anatero mayi wa mipando motsitsa. "Mtengo wabwino chonchi."

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa Malume, amene ankangoona zithunzithunzi za anthu. "Bwanji mwangoti zii?"

"Chang'aluka, bambo," anayankha wamacheka. "Kumbuyoku sikunapakidwe. Matabwa aatali apa palibe."

Malume anatembenukira kumene kunali Namakutu.

"Mwana iwe, kumbuyo unapaka?"

"Ndinapaka, malume. Katatu."

"Nanga phula lili kuti?"

Namakutu anayang'ana chipikacho, anayang'ana Malume. "Sindikudziwa, malume. Koma ndinapaka."

"Alipo anamuona akupaka kumbuyo?"

Amuna aja anayang'anana. Tsiku lopaka anali kotsitsa katundu, ndipo pokankha zipika palibe amayang'ana phula. Wangolo anali kumsika. Munthu mmodzi yekha ndi amene anaima pafupi ndi Namakutu tsiku limenelo, akugawana naye chitini chimodzi.

"Liwiro?"

"Ine ndinkayang'ana changa, malume."

Malume anapuma mozama. Atalankhula, mawu awo anali otsika, ndipo kutsikako kunkaopsa kuposa kukalipa.

"Mwana wa mlongo wanga, tamvera. Kuiwala ndimakhululuka. Ine ndaiwalapo, ndawonongapo mitengo yoposa uwu. Ukanati, 'Malume, phula linandithera, ndinati ndibwereza mawa, ndinaiwala,' ndikanakukalipira lero, mawa n'kukuitananso. Koma bodza ayi. Wogwira choko amagulitsa chinthu chimene wogula sangachione mkati. Mayi awa akagula chipika kwa ine, sagula mtengo wokha, amagula mawu anga. Ndikati n'chabwino amakweza pa lole osachidula. Tsiku limene ndidzawanamize kamodzi, bwalo lino latha, tonse tibwerera ku nkhwangwa. Makutu uli nawo, palibe angakane. Koma makutu opanda chilungamo ndi achabe kwa ine."

Misozi inatsika pa masaya a Namakutu, koma sanalire mokweza. Anamasula epuloni yake, anaipinda bwinobwino, anaiika pa chipika chong'alukacho pamodzi ndi nyundo. Kenako analowera ku kachipinda ka zida kukatenga chikwama chake.

Mayi wa mipando anapukusa mutu. "Ndinamuyesa wina. Chabwino, nditenga cha mnyamatayu. Tebulo lichepako pang'ono, koma litheka."

Malume anapisa m'thumba.

"Liwiro, bwera kuno."

Choko chofiira chinali chaching'ono kuposa mmene Liwiro ankaganizira, chofunda ndi kutentha kwa thupi la Malume. Anachiika m'thumba la pachifuwa. Chinakwanamo bwino. Amuna aja anawomba m'manja, Wangolo anaimba likhweru, ndipo Liwiro anadikira kuti chimwemwe chibwere. Sichinabwere.

6. Maso a Malume

Makina a macheka analira. Anthu onse anakhamukira kumeneko kukaona thabwa loyamba la chipika cha Liwiro likutuluka. Pa chipika chong'aluka panatsala Malume ndi Liwiro basi.

Liwiro ankafuna chipikacho chichoke pamaso pake msanga. Anatulutsa choko.

"Ndilembe mtanda, malume? Ndichiwaza ndekha lero lomwe."

"Usafulumire. Choko sichithamanga ngati nkhwangwa. Mwina tipulumutsapo timatabwa ta mipando ing'onoing'ono. Ndigwire dzanja, undifikitse pamene mng'alu wayambira."

Liwiro anawagwira dzanja. Malume anagwada movutikira, anaika ndodo pansi, n'kuyamba kupapasa kumapeto kwa chipikacho. Zala zawo zinayenda pa mng'alu waukulu, zinatsika, zinakwera. Kenako zinaima. Zinabwerera pamene zinachokera, n'kuyendanso pang'onopang'ono, ulendo uno mopingasa.

"Apa pali zachilendo," anatero Malume.

Liwiro anayang'ana pamene zala za Malume zinaima.

"Macheka akadula, amasiya mizere yopita mbali imodzi. Imeneyo ndikuimva. Koma pamwamba pake pali ina yopingasa, yaifupiifupi, ngati pamene padutsa chitsulo chopalira. Munthu amene waiwala kupaka sapala. Apalanji poti palibe kanthu?"

"Mwina ndi migwala, malume, pokankha paja."

"Mwina. Zala za nkhalamba zimanama nthawi zina, ndipo ine lero ndalankhula mawu olemera kwa mwana wa mlongo wanga. Sindikufuna kulakwa kawiri." Malume anadzuka, akugwira phewa la Liwiro. "Phula ukalipala silichoka lonse. Limatsalira m'timizere ta macheka ndi m'mphepete mwa khungwa, timadontho ting'onoting'ono. Ine sindingatione. Ndiwe wogwira choko tsopano, maso anga ndi iwe, ndipo chimene unene ndichikhulupirira. Gwada uyang'anitsitse. Ngati mulibe kanthu, ndamuweruza bwino mwanayo, apite kwa mayi ake. Ngati muli phula, ndiye kuti anapaka, ndipo pabwalo langa pali munthu woipa kuposa chiswe."

Chitseko cha kachipinda ka zida chinatseguka. Namakutu anatuluka, chikwama chili paphewa, n'kulunjika kuchipata osayang'ana kumacheka.

"Namakutu," anaitana Malume atamva mapazi. "Taima kaye pomwepo. Mchimwene wako akuyang'ana chinthu."

Mtsikanayo anaima, dzanja lili pa chipata. Anatembenuka n'kuyang'ana Liwiro, ndipo m'maso mwake munali chiyembekezo. Sankamukayikira ngakhale pang'ono.

Liwiro anagwada. Sanafunike kuyang'ana nthawi yaitali. M'timizere ta macheka, kuyambira pamwamba mpaka pansi, munali timadontho ta phula, tachikasu, tonyezimira padzuwa. Tinali tambirimbiri.

"Ndikudikira, mwana wanga," anatero Malume. "Ukuona chiyani?"